Ana Awiri pa Mzere Umodzi

Ndikulemba nkhaniyi chifukwa mwezi wathawu, pa msonkhano wa ogwira ntchito pachipatala pathu, panaperekedwa ganizo lakuti danga la dzina la mwana mu kompyuta libwezedwe mmene linalili kale, kuti lizikana kusiyidwa lopanda kanthu. Wopereka ganizolo ndi mnzathu watsopano, munthu wophunzira bwino ndiponso wakhama, ndipo sindikumuimba mlandu. Anaona mizere ina ilibe maina, nayesa kuti ndi ulesi wa alembi. Ine ndatsala pang'ono kupuma pa ntchito. Mwa anthu amene analipo tsiku limene dangalo linasinthidwa, wina anapuma pa ntchito, wina anasamutsidwa, mmodzi anatisiya, ndipo otsalawo amakumbukira mvula ndi matope a tsikulo kuposa chifukwa chimene tinasonkhanira. Choncho ndaona kuti ndi udindo wanga kulemba zimene zinachitika, mwa dongosolo lake, kuti amene adzafune kukhudza dangalo adziwe chimene akukhudza.

Chipatala chathu ndi chaching'ono, cha mpingo, cha kumbali ya ku Mavwere. Ndinafika pano nditamaliza maphunziro a kasungidwe ka zolembera ku koleji, ndipo kwa zaka zambiri ntchito yanga inali ya mafailo a mapepala. Makompyuta atabwera ananditumiza ku Lilongwe kukaphunzira za madetabesi, imvi zoyamba zitatuluka kale. Detabesi ya ana imene timagwiritsa ntchito inapangidwa ndi mlendo wina wodzipereka, amene anakhala nafe miyezi ingapo kenako nabwerera kwawo. Ntchito yake inali yaudongo, ndiyenera kunena zimenezo poyera. Koma anaipanga asanaone mmene mwana wa kuno amalandirira dzina.

Kwa amene sadziwa, detabesi ndi nkhokwe ya mu kompyuta imene imasunga zinthu m'matebulo. Tebulo lili ndi madanga otsika ndi mizere yopingasa. Yathuyi inali ndi matebulo atatu ofunika pa nkhaniyi: la ana, mmene mzere umodzi ndi mwana mmodzi, la katemera, ndi la sikelo, mmene mumalembedwa kulemera kwa mwana nthawi iliyonse wayezedwa. Tebulo lililonse liyenera kukhala ndi njira yosiyanitsira mzere umodzi ndi unzake, chimene timatcha kiyi. Mlendo uja anasankha kuti kiyi wa tebulo la ana akhale zinthu zitatu pamodzi: dzina la mwana, dzina la mayi ake, ndi tsiku lobadwa. Kwa iye zinali zosatheka kuti ana awiri afanane pa zitatu zonsezi. Matebulo a katemera ndi a sikelo ankapeza mwana potsatira zitatu zomwezo.

Kuno mwana sapatsidwa dzina tsiku limene wabadwa. Amadikira mchombo ugwe, atuluke m'chikuta, ndipo dzinalo limachokera kwa munthu woyenera, wa kuchimuna kapena wa kuchikazi, monga banja lagwirizanira. Koma kompyuta inkakana kulandira mwana wopanda dzina. Alembi athu anapeza njira yawo: m'danga la dzina ankangolemba kuti Mwana. Dzina lenileni likabwera, kompyuta inkakananso kulisintha, popeza matebulo awiri aja anali atamangirira kale pa dzina loyambalo. Pamenepo alembi ankatsegula mzere watsopano, wakalewo nausiya. Ndinalemba za vutoli m'malipoti anga kangapo, ndipo yankho linkakhala lakuti tidikire katswiri. Katswiriyo sanabwere, ndipo zinthu zinkayenda choncho.

Chaka chimenecho, mvula ya Febuluwale ili pakati, mayi wina wa kumudzi wa patali ndithu ndi msewu anachira ana amapasa, onse aakazi. Woyamba kubadwa anali wochepa kwambiri, wosafika makilogalamu awiri. Wachiwiri anali wa thupi ndithu, wopitirira pang'ono makilogalamu awiri ndi theka, amene ndiwo malire athu. Mwana wosafika pa malirewo amaikidwa pa mndandanda umene kompyuta imatulutsa Lolemba lililonse, ndipo alangizi a zaumoyo amamuyendera kunyumba sabata ndi sabata, kumuyeza ndi kuona ngati akuyamwa ndi kufunditsidwa bwino, kufikira atalimba.

Mapepala a ana awiriwa sanafike pamodzi ku ofesi yathu. La wamng'ono thupi, woyamba kubadwa uja, linabwera m'mawa. La wamkulu thupi linachedwa ku mateniti, linafika masana. Mlembi wathu, bambo wachikulire amene tinagwira naye ntchito zaka zambiri, analowetsa loyamba mwa masiku onse: Mwana, dzina la mayi, tsiku. Atalowetsa lachiwiri kompyuta inamuuza kuti mwana ameneyu alipo kale, nimufunsa ngati akufuna kukonza zolembedwazo. Iye anaganiza kuti mwana wa m'mawa uja wayezedwanso ndipo sikelo yoyamba inalakwika. Anavomera. Kulemera kwa wamkulu kunalowa pamalo pa kulemera kwa wamng'ono, ndipo kuyambira nthawi imeneyo kompyuta inkadziwa mwana mmodzi yekha, wonenepa bwino, wosafuna kuyenderedwa.

Mayiyo anakhala nafe masiku angapo, wamng'onoyo atamangidwa pachifuwa mwa njira ya kangaru, kenako anapempha kutuluka chifukwa kunyumba anasiya ana ena ndi munda wa mtedza wosapalira. Lolemba lotsatira anamwino aakulu a ku mateniti, amene tonse tinkawatcha a sisitala, analowa mu ofesi mwanga osagogoda, pepala la mndandanda lili m'manja.

"Amayi, kompyuta yanu yandimezera mwana."

Ndinawauza kuti kompyuta simeza anthu, ndipo kuti akhale pansi tione. Tinaona. Panali mzere umodzi. Ndinaitana mlembi, iye nafotokoza zimene ndalemba pamwambazi, mosabisa kanthu. Sindinamudzudzule kwambiri. Anachita zimene makina anamufunsa, ndipo makinawo anafunsa molakwika.

A sisitala anatenga bolopeni nalemba mwanayo ndi dzanja pansi pa mndandanda, ndipo sabata imeneyo alangizi anamuyendera. Koma mndandanda umasindikizidwa mwatsopano Lolemba lililonse, ndipo zolemba ndi dzanja sizilowa mu kompyuta. Sabata yachiwiri a sisitala anali ku maliro kwawo, ine ndinali ku msonkhano ku boma, ndipo alangizi a mbali imeneyo anali atasinthana ndi anzawo. Pepala linatuluka loyera bwino, lopanda mwanayo. Palibe amene anapita. Kumapeto kwa sabatayo mayiyo anabwera yekha wapansi, m'matope, wina kumbuyo wina pachifuwa, chifukwa wamng'onoyo anali atafooka pa kuyamwa. Atamuika pa sikelo anapezeka kuti watsika kuposa mmene anatulukira. Anagonekedwanso.

Madzulo a tsiku limenelo tinakhala atatu mu ofesi mwanga: ine, a sisitala ndi mlembi. Mlembi ananena kuti njira yachidule ndi kusuntha tsiku lobadwa la mmodzi, ziwoneke ngati anabadwa mawa lake, ndipo kompyuta idzawalandira onse. A sisitala anati ayi, tingolemba dzina lina lililonse, kaya Wamng'ono, kaya dzina la mlembi yemweyo likhale la mwanayo, bola alowe pa mndandanda. Ndinakana zonse ziwiri. Tsiku lobadwa limapita m'kabuku ka kusikelo, kuchoka apo limapita ku kalata ya kubadwa ndi kusukulu, ndipo munthu amayenda nalo mpaka kumanda. Dzina longopeka nalonso limakakamira. Ndikudziwa ana m'dera lino amene amaitanidwa kusikelo ndi maina amene makolo awo sanawapatse. Komanso tsiku limene dzina lenileni lidzabwere, tidzatsegula mzere wina, mbiri ya sikelo idzatsala pa wakale, ndipo mwana amene tikufuna kumutsatira mosamala adzaduka pakati kachiwiri.

A sisitala anandiyang'ana, nati:

"Ndiye inu mukusamala pepala, mwana ali pa okisijeni."

"Ndikusamala kuti asadzasowenso Lolemba limene inu ndi ine kulibe," ndinatero.

A sisitala ananyamuka, nati ngati ndi choncho ndipite ndekha ndikapemphe dzina kwa eni ake.

Ndinapita ku mateniti m'mawa mwake. Mayiyo anali atakhala pa bedi, wamng'ono ali pachifuwa mkati mwa chitenje, ulusi wofiira uli pa dzanja lake umene a sisitala anamumanga kuti asasokonezeke ndi mnzake. Pambali panali azakhali a anawo, alongo awo a bambo, mayi wa geni ya tomato ndi zitenje amene amawoloka malire kawirikawiri ndipo Chichewa chake chimamveka cha ku Chipata. Iwo ndiwo anabwera kudzadikirira odwala. Ndinapereka moni, ndinafotokoza udindo wanga, ndipo ndinafunsa mwaulemu ngati banja lingatithandize ndi maina, ngakhale la wamng'ono yekha.

Azakhaliwo anayankha kuti bambo a ana ali ku esiteti ya fodya kutsidya kwa malire, foni yawo sikupezeka, ndipo analamula kuti ana atchedwe iwo atafika, onse awiri tsiku limodzi. Anati amapasa satchedwa mmodzi kusiya mnzake. Ndinafotokoza za kompyuta, mwachidule monga ndikanathera. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, akugwedeza mwana wamkulu thupiyo pa miyendo.

"Pepani amayi, ndifunse nawo. Makina anuwo ndi a kuchimuna kapena a kuchikazi, kuti azifulumiza dzina?"

Ndinati si a mbali iliyonse.

"Ndiye adikire, ngati alendo ena onse."

Amayi a pa mabedi oyandikana anaseka. Ine sindinaseke, koma sindinapeze cholakwika m'mawuwo. Ndili pafupi kutuluka, mayi wa anawo analankhula motsitsa osandiyang'ana. Anati, "Akalimba tidzamutcha." Ndinamva chimene ankatanthauza, ndipo sindinafunsenso.

Kuchokera pamenepo ndinapita kwa abwana oyang'anira chipatala. Anali munthu wodekha, wosamala katundu wa mpingo ngati wake, ndipo ankaopa kompyuta mwa ulemu, monga ena amaopera ng'ombe ya eni. Ndinawauza kuti ndikufuna kusintha kamangidwe ka tebulo la ana: mwana aliyense akhale ndi nambala yakeyake yoperekedwa ndi makina, nambalayo ikhale kiyi m'malo mwa dzina, ndipo danga la dzina liloledwe kukhala lopanda kanthu mpaka eni ake atatcha. Anafunsa ngati ndinachitapo zimenezi. Ndinati ndinachita pa maphunziro, pa matebulo oyeserera, koma pa tebulo lenileni lokhala ndi ana a zaka zambiri ayi. Anafunsa chimene chingachitike ndikalakwitsa. Ndinati katemera wa mwana wina akhoza kupita kwa mwana wina, kapena zonse kusokonekera, ndipo n'chifukwa chake ndidzayamba ndasunga makope awiri ndi kuyesera pa kope.

Iwo anati chinthu chimene chikuyenda sachigwiragwira. Anati lipoti la kumapeto kwa mwezi likudikiridwa ku boma, ndipo likachedwa adzafunsidwa ndi iwo, osati ine. Anapempha kuti tidikire lipoti lipite, a sisitala azilembabe ndi dzanja. Ndinawakumbutsa kuti njira ya dzanjayo tinaiyesa kale ndipo zotsatira zake zagona ku mateniti. Ndinati mwanayo akatuluka adzafunika kuyenderedwa Lolemba loyamba lenilenilo, ndipo sindingalonjeze kuti sipadzakhala maliro ena kapena msonkhano wina. Pomaliza ndinawapempha kuti ngati akukana, alembe kukanako ndi kusayina, ndikaike m'failo.

"Inu amayi," anatero akuvula magalasi, "mumafuna siginecha ngakhale pa moni."

Ndinati pa moni ayi.

Pomaliza anavomera, koma anaika mfundo zawo. Ntchitoyo ichitike Loweruka masana kusikelo kutatsekedwa. Iwo akhalepo. Ndiyambe ndawaonetsa kuti kope losungidwa likhoza kubwezeretsedwa. Ndipo chilichonse chikaoneka chokayikitsa, tibwerere ku zakale popanda kukangana. Mfundozi zinali zanzeru ndipo ndinazilandira. Ndinalemba kalata ya chilolezo, iwo nasayina akupukusa mutu.

Masiku otsalawo ndinayesera pa kope, pa laputopu yanga yakale. Ulendo woyamba ndinayamba ndi kuchotsa kiyi wakale, ndipo detabesi inakana, ikunena kuti matebulo ena awiri atsamira pa iye. Inanena zoona. Munthu wokonza chigafa cha fodya sazula mzati wakale asanazike watsopano ndi kusamutsira mitanda pamenepo. Ndinayambanso, ndipo ndinalemba malamulo onse papepala mwa ndondomeko yake, lililonse ndi zimene ndiyenera kuona likatha. Ndinakonzanso tsamba limene alembi amalowetserapo ana, kuti lizionetsa nambala ndi kulola dzina kudumphidwa. Ndinabwereza ndondomeko yonse pa kope latsopano mpaka inayenda yosaima. Wamng'ono uja panthawiyi anali atayambanso kuyamwa, ndipo adokotala ananena kuti akapitiriza choncho atuluka Lamulungu.

Loweruka kunacha kwa mitambo. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa ndipo mabatire a sola sanadzaze bwino, choncho abwana analamula kuti chilichonse chizimitsidwe kupatula firiji ya katemera, makina a ku mateniti ndi kompyuta yathu yaikulu. Ndinapempha kuti mayi wa ana abwere ndi timabuku tawo tonse tiwiri, chifukwa ndinadziwa kuti makina sangathe kulekanitsa okha zimene anaziphatikiza. Anabwera ndi ana onse, azakhali ali pambuyo atanyamula ambulera. Mu ofesi mwanga muli mipando itatu yokha. Mlembi anakatenga benchi ya kusikelo.

Ndinasunga makope awiri, lina pa kompyuta lina pa fulashi, kachipangizo kakang'ono kosungira zinthu za mu kompyuta, ndipo fulashiyo ndinaipereka kwa abwana, iwo naiika m'thumba la malaya nabatanitsa. Ndinawaonetsa pa laputopu kuti kopelo likubwerera lonse. Kenako ndinawerenga chiwerengero cha mizere ya tebulo lililonse, mlembi akulemba pa bolodi, kuti pomaliza tidzafanizire.

Malamulo osinthira tebulo amayamba ndi mawu awiri a Chingerezi, ALTER TABLE, ndipo amagwira ntchito nthawi yomweyo, osafunsa kawiri. Loyamba linawonjezera danga la nambala pa tebulo la ana, ndipo mzere uliwonse unalandira nambala yake. Kenako ndinawonjezera danga lofanana nalo pa tebulo la katemera ndi la sikelo, ndi kulidzaza potsatira zitatu zakale zija, kotero kuti katemera aliyense ndi kuyezedwa kulikonse kunapeza nambala ya mwini wake. Ndinayang'ana ngati pali mzere umene watsala wopanda nambala. Panalibe. Apa m'pamene ndinamasula zomangira zakale, ndinachotsa kiyi wakale, ndinaika nambala kukhala kiyi, ndi kumangiriranso matebulo awiri aja pa nambalayo. Pochotsa kiyi wakale kompyuta inakhala kanthawi isanayankhe. Abwana anagwira thumba la malaya. Itayankha kuti zatheka, anafunsa ngati tamaliza, ndipo ndinati tili pakati.

Lamulo lotsatira linali lalifupi kuposa onse: linachotsa chiletso chakuti danga la dzina lisakhale lopanda kanthu. Ndinawonjezeranso danga lina laling'ono losonyeza ngati mwana ndi wamapasa, ndi kuti anabadwa woyamba kapena wachiwiri. Tinafanizira ziwerengero ndi za pa bolodi. Zinagwirizana zonse.

Ndisanalekanitse ana athuwa ndinafuna kuona bwino zimene zinaphatikizana. Ndinafunsa detabesi kuti indionetse mwana aliyense amene tebulo la sikelo likusonyeza kuti anayezedwa kawiri tsiku limodzi, ndi kulemera kosiyana kwambiri. Ndinkayembekezera mzere umodzi. Inatuluka mizere ingapo, ina ya zaka za m'mbuyo, yonse ya dzina lakuti Mwana. A sisitala anasendera pafupi nawerenga maina a amayi. Ena anawakumbukira. Anati uyu anachira amapasa, uyunso amapasa, awa sindikudziwa. Pa dzina lina anaima, natchula mudzi wake, osawonjezera kanthu. Mvula inali ikugwa pa malata. Sindinganene kuti mwana aliyense wa pa mizere imeneyo anavutika chifukwa cha tebulo, popeza ndilibe umboni, ndipo sindilemba chimene ndilibe nacho umboni. Ndinaika chizindikiro pa mizereyo kuti idzafufuzidwe ndi mabuku a ku mateniti, ndipo sindinaisinthe. Abwana sanafunsenso za lipoti tsiku limenelo.

Kenako tinagwira ntchito imene tinasonkhanira. Ndinatsegula mzere watsopano wa wamng'ono, ndi kulemera kwake kwenikweni kwa pobadwa, woyamba mwa amapasa, danga la dzina ndinalidumpha, ndipo kompyuta inalandira. Pa mzere wa mnzake ndinafufuta mawu akuti Mwana. Timabuku tonse tiwiri tinali ndi dzina lomwelo lakuti Mwana pachikuto, koma ka wamng'ono kanali ndi ulusi wofiira pa msana, wofanana ndi wa pa dzanja lake. A sisitala ankawerenga tsiku ndi kulemera, mayiyo ankavomera kuti ndi ameneyo, ine ndinkasamutsa mzere uliwonse wa sikelo ndi wa katemera kupita ku nambala yoyenera, mlembi akuyang'ana pa phewa langa ngati ndalemba zomwe zawerengedwa. Pomaliza ndinalemba nambala ya mwana aliyense pa kabuku kake.

Azakhali anatenga kabuku kamodzi nakayang'anitsitsa.

"Nambalayi musadzamuitane nayo kusikelo, anthu akumva."

Ndinawatsimikizira kuti nambalayo ndi ya makina, kuti asiye kufunsa dzina, ndipo kuti kusikelo tidzaitana dzina la mayi mpaka iwo atatiuza lina. Anati ngati ndi choncho makinawo aphunzira ulemu. Ndinasindikiza mndandanda woyeserera. Wamng'ono anatulukapo, pamwamba penipeni chifukwa ndiye anali wopepuka kuposa onse. A sisitala anaupinda nauika m'thumba la yunifolomu, ngakhale ndinawauza kuti ndi woyeserera chabe.

Mwanayo anatuluka Lamulungu monga ananenera adokotala. Lolemba m'mawa alangizi a zaumoyo anabwera ndi mndandanda wawo kudzaubweza, akuti makina osindikizira adumpha dzina pa mzere woyamba. Ndinawaonetsa kuti dzina la mayi lilipo, mudzi ulipo, kulemera kulipo, ndipo ndinawafunsa ngati pali china chimene njinga yawo ikufuna kuti inyamuke. Anapita. Anapitanso sabata yotsatira, ndi inzake, ngakhale masabata amene a sisitala ndi ine tinali kwina, chifukwa mwanayo tsopano ankatuluka yekha pa pepala. Kulemera kwake kunakwera pang'onopang'ono, sabata ina kunaima, kenako kunakweranso, kufikira tsiku limene kompyuta inamuchotsa pa mndandanda chifukwa anali atadutsa malire. Lipoti la mwezi umenewo linapita ku boma pa nthawi yake.

Bambo a ana anabwera anthu akukumba mtedza. Patapita masiku ochepa azakhali anafika pa windo la ofesi yanga, dengu la tomato lili pamutu, nanena maina awiri, la woyamba ndi la wachiwiri, nawabwereza kuti ndisasokoneze. Ndinatsegula mizere iwiriyo, ndinalemba mainawo m'madanga amene ankawadikira, ndipo palibe china chimene chinasuntha: sikelo inakhala pomwepo, katemera pomwepo. Ndinawatembenuzira kompyuta kuti aone. Anati sawerenga bwino zilembo zazing'ono koma akundikhulupirira, nandisiyira tomato atatu pa windo, amene ndinawabweza chifukwa malamulo a ntchito salola. Anawapereka kwa mlembi, ndipo iye sanabweze. Ana onse awiri tsopano anamaliza za kusikelo. Ndimawaona nthawi zina akudutsa ndi mayi awo, ndipo sindithanso kusiyanitsa amene anali wamng'ono.

Kwa mnzathu watsopano ndikunena izi. Nkhawa yanu ndi yoona: danga lololedwa kukhala lopanda kanthu likhoza kuiwalika. Ngati mukufuna, pangani mndandanda wa ana amene apitirira miyezi ingapo opanda dzina, kuti alembi azifunsa makolo akabwera kusikelo, ndipo ndidzakuthandizani ndisanachoke. Koma mukabwezera chiletso chija, alembi adzayambanso kulemba kuti Mwana kapena kupeka maina, chifukwa mwana wobadwa lero sangadikire kunja kwa kompyuta, ndipo banja silidzatcha msanga chifukwa cha ife. Kalata ya chilolezo, pepala la malamulo onse ndi fulashi ya kope lakale zili m'kabati yachitsulo, m'failo yobiriwira.

Amene analipo mu ofesi ya zolembera Loweruka limenelo ndi awa:

abwana oyang'anira chipatala, amene anasunga fulashi, ndipo tsopano anapuma pa ntchito;

a sisitala a ku mateniti, amene anawerenga timabuku, ndipo anasamutsidwira ku chipatala china;

mlembi wathu, amene analemba ziwerengero pa bolodi, ndipo anatisiya chaka chathachi;

mayi wa ana;

azakhali a ana;

mwana wachiwiri kubadwa, amene anagona nthawi yonseyo;

mwana woyamba kubadwa, wa ulusi wofiira, amene panthawiyo analibe dzina;

ndi ine, woyang'anira zolembera.